Makilo Asanu Obwereka

Lachiwiri, 3 Sepitembala 2024

Tsiku la sikelo. Odwala chifuwa chachikulu anadzaza mabenchi a pakhonde m'mawa ndithu, ndipo a Lenard, mlangizi wathu wa zaumoyo, anali pa ntchito yawo ya pamtima: munthu akwera pasikelo, iwo awerama, kenako akuwa nambalayo kudzera pazenera kuti ine ndilembe ndili m'kati. Mawu a bambo amenewa! Amatsogolera kwaya kutchalitchi kwawo, ndiye amaiwala kuti pano ndi pachipatala. "Sikisite-thuu!" Amayi pabenchi nthungululu: "Eee, akukusamalani bambo kunyumbako!" Wina akwera. "Fote-wanu!" Zii. Kenako manong'onong'o.

Ine yanga ndi masamu, ndipo sindibisa, ndimawakonda. Ndinawaloweza ngati pemphero: makilo 30 mpaka 37, mapiritsi awiri patsiku, 38 mpaka 54, atatu, n'kumakwera choncho. Anthu amaganiza kuti wamkulu ndi wamkulu basi, mankhwala ndi amodzimodzi. Ayi. Thupi la mayi wa makilo 35 silingasenze katundu wa mayi wa makilo 60, ngakhale onsewo atabereka ana asanu asanu.

Hidaya wabweranso. Wa kugombe uja, wogula usipa m'maboti n'kumayanika, wa ana atatu. Sabata yachitatu pa mankhwala. A Lenard: "Sate-naini!" Ndiye atatu, monga poyamba paja. Polandira wandinong'oneza kuti, "A Nesi, mankhwalawa andikulira. Ndikangomwa m'mimba mumatembenuka, mawondo ngati andimenya ndi mtengo." Ndamuuza zomwe timauza aliyense, kuti apirire, thupi lizolowera. Koma kamkono kake kaja! Nditamugwira, chala changa chachikulu chinakumana ndi chamkombaphala, malo n'kutsalanso. Mwina ndi wa mafupa olemera. Sikelo yati 39.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Hidaya amubweretsa panjinga amuna ake, a Binali, atamumangirira kumsana kwawo ndi chitenje kuti asagwe. Wakhala akusanza kuyambira Lachitatu, ngakhale madzi sakukhala m'mimba. Pomutsitsa ndinalimbitsa msana ngati ndikunyamula munthu wamkulu, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa naye chagada. Kupepuka kwake! Ine ndakula ndikunyamula matumba a chimanga ku Chitala, manja angawa amadziwa. Uyu si 39.

Titamuika diripi n'kupezako mphamvu, ndinakatenga sikelo pakhonde (ndi imodzi yomweyo, tilibe ina) n'kumuimiritsa m'chipinda atangovala diresi ndi mpango kumutu. 34. Ndinamutsitsa, n'kumukwezanso. 34. Thukuta kamukamu. Masabata onsewa ndakhala ndikupereka mapiritsi atatu kwa mayi woyenera awiri. Ine Enifa, wodzitama ndi masamu!

A Samueli, dokotala wathu, amuyang'ana m'maso: si achikasu. Mulungu ngwabwino, chiwindi chikuoneka kuti chikadali cholimba. Atenga magazi kutumiza ku boma kuti titsimikize. Akuti kusanza kungachotse kilo imodzi kapena makilo awiri, osati asanu. Apume kaye mankhwala mpaka Lachiwiri, tidzamuyezenso, tiyambirenso ndi mlingo woyenera.

Koma mwiniwake wakana. Wayang'ana kukhoma n'kunena kuti, "Wallahi, ndikulumbira, sindimwanso. Bola chifuwa chindiphe pang'onopang'ono, ana anga andioneko, kusiyana ndi mapiritsi ondipha lero." A Binali angoti ndwii pansi. Akasiyira panjira apa, chifuwacho chidzabwerera chosamva mankhwala, ndipo m'nyumba mwake muli ana atatu opuma mpweya womwewo. Ndikuopa, osanama.

Loweruka, 7 Sepitembala

Ndawalalatira a Lenard osawapatsa ndi moni yemwe. Ndati maso awo atha, akagule magalasi asanatiphere munthu. Iwo modekha: "A Nesi, sikelo imeneyi ndayamba kugwira nayo ntchito inu musanabwere pano. Ngati ikunama, ikunama yokha." Ndiye tinaiyesa. Tinadzaza chigubu cha malita 20 pamjigo n'kuikapo: 20, ndi kanthu pang'ono ka chigubucho. Pakhonde chimodzimodzi, m'chipinda chimodzimodzi. Ndinakwerapo ine: 67, zomwe sindinafune kuzidziwa. A Lenard anatsegula pakamwa kuti akuwe, ndinawaloza chala, anameza mawu awo.

Sikelo siinama, maso awonso ali bwino. Ndapepesa, monyinyirika. Nanga makilo asanuwo amachokera kuti Lachiwiri lokhalokha?

Lamulungu, 8 Sepitembala

Ulaliki wonse sindinaumve. 39 kuchotsapo 34, mpaka Amen.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

NDAWAPEZA! Makilo asanu aja ndawagwira ndi manja angawa.

Zolemba ndinasiyira a Samueli, ine n'kukhala pakhonde ngati ndikusanja makatoni. Hidaya anafika a Binali atachita kumukakamiza. Anakhala pabenchi ndi diresi lomwe lija la Lachisanu. Mzere utayandikira, anadzuka kulowera kuseri kwa zimbudzi. Mayi wina wojintcha, yemwe si wodwala wathu, anamutsatira atakolekera kathumba paphewa. Pobwerera Hidaya anali atakulunga zitenje ziwiri m'chiuno, mkanjo wakuda pamwamba, akuyenda mowongola msana ngati wasenza ndowa yodzaza. Anakwera. A Lenard: "Sate-naini!" Mumtima ndinati nkhanga zaona.

Ndinamugwira dzanja mwaulemu wonse. "Tiyeni m'kati ndikuoneni pamimba." Ndinatseka chitseko. Anamasula chitenje choyamba. Chachiwiri, misozi. Pansi pake panali lamba wa nsalu ya jinzi, wosokedwa bwino pamakina, timatumba kuzungulira chiuno chonse, ndipo m'kathumba kalikonse muli mwala wosalala, miyala ija asodzi amamangirira kunsi kwa ukonde kuti umire. Ndamuyeza lambayo anthu atapita. Makilo asanu.

Ndinkafuna kukalipa, mawu anali atafika kale pakhosi. Koma iye anandiyambirira:

"A Nesi, chonde musandiyaluse. Pakhondepo pamakhala anthu akwathu. Tsiku limene a Lenard anawakuwira Mai Masiye kuti sate-sikisi, pofika madzulo mudzi wonse unali utawaika kale m'manda. Nsomba zawo anthu anasiya kugula, ati atha amenewo, ali ndi kachilombo. Ine apongozi anga akangomva kuti ndili sate-fo, akawapezera a Binali mkazi wina ndisanafe n'komwe. Ndimati ndingowonjezera nambala basi. Sindinkadziwa kuti nambalayo ndi imene imawerenga mapiritsi."

Sankadziwa. Nanga anamuuza ndani? Ife timangoti kwerani, tsikani, wotsatira.

Ndinayala mapiritsi atatu patebulo, n'kukankhira limodzi pambali. "Awiriwa ndi anu. Lachitatuli ndi la miyala. Mwakhala mukuimwera miyala mankhwala, koma miyalayo ilibe mimba, wosanza ndinu." Anayang'anitsitsa, kenako anaseka misozi ili m'maso. Koma kumwa wakanabe, akuti akaganize kaye. Mantha amulowa m'mafupa.

Lambayo si wake. Ndi wa a Salma, telala wa pamsika wa kugombe, mayi wa kathumba uja. Amayi amamutcha "mlamu". Ndipo mlamuyu sanayendere Hidaya yekha.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Za magazi zabwera pafoni: chiwindi chili bwino. A Samueli akuti ayambirenso ndi awiri, azimwera kaphala pang'ono kuti m'mimba musavute. Chatsala n'kuti mwiniwake avomere.

Ndinawaitana onse awiri m'chipinda n'kuponya lamba uja patebulo. Gu! A Samueli anapsa mtima, ati telalayo akamuneneze kupolisi. Ndawauza kuti tikatero amayi onse amene anamuvalapo athawa, ndiye tiziwasaka kuti? Ndipita ndekha.

A Lenard anangokhala pansi. Chiyambire kugwira nawo ntchito, lero ndi lomwe ndawaona ali chete. Kenako anati, "Ndiye kuti mawu angawa ndi amene akudwalitsa anthu?" Anandimvetsa chisoni. Ndati si mawu awo okha, ndi zenera lija, ndi mabenchi aja, ndi tonsefe.

Tsiku lonse mutu ukungowerengera. Si chifuwa chokha ayi. Mankhwala a likodzo, lomwe kugombeku ndi la m'nyumba iliyonse, timachulukitsa makilo ndi 40: mayi wa makilo 45 ndi mamiligalamu 1,800, mapiritsi atatu. Akavala mlamu afika 50, timuonjezera theka lomwe thupi lake silinapemphe. Ngakhale a malungo, munthu wa 34 sanafike pa mlingo wa akuluakulu. Masamu onse olondola bwinobwino, pa nambala yabodza.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Lero ndi tsiku! Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinakwera kabaza masana dzuwa likuswa mtengo, yunifolomu nditasiya kunyumba, mlamu ali m'chikwama. Kugombe fungo la usipa lokhalokha, mathandala oyanikira nsomba mbuu, ntchentche zili pa ukwati. A Salma ndinawapeza pakhonde la sitolo akupalasa makina, tepi ili m'khosi. Anandizindikira ndili patali.

"Mwabwera nokha, kapena apolisi akubwera m'mbuyo?"

"Ndabwera ndi mlamu wanu," ndinatero, n'kumuika pamakina.

Mayi ameneyu saopa munthu. Sanasiye n'kupalasa komwe. "Inu kuchipatalako mumavula anthu ndi pakamwa, ine ndimawaveka ndi singano. Wolakwa ndani? Mai Masiye tinkayanika thandala limodzi. Atawakuwa tsiku lija sanapondenso pakhonde panu, ndipo tinawaika chaka chatha. Ndinalumbira kuti mkazi wa gombe lino sadzasekedwanso pasikelo ine ndili moyo."

Paja amati manyazi anapha Lambe, ife tinkangoyesa mwambi. Ndinayang'ana tepi ija m'khosi mwawo.

"Mayi, munthu akafuna diresi, mumamuyeza atakulunga zitenje zitatu?"

"Ndingasoke diresi kapena thumba la makala?"

"Ifenso mankhwala timasokera pathupi. Sikelo ija ndi tepi yathu. Hidaya tamusokera mankhwala a mayi wa makilo 39, iye ali 34. N'chifukwa chake akusanza, n'chifukwa chake wasiya kumwa. Akapanda kuyambiranso, muika mnzanu wachiwiri."

Makina anaima. "Astaghafirullah, Allah andikhululukire. Ndiye mwana uja ndikumupha ndine?" Anagwira pakamwa. Koma mayi wamalonda ndi wamalonda, analira pang'ono n'kuyamba kunenerera: "Chotsani sikelo pakhonde paja, pasamveke nambala ya munthu, ine ndikubweretserani aliyense amene anavalapo mlamu. Ndimawadziwa ziuno zawo onse." Tinagwirana chanza. Sindinafunse n'komwe a Samueli, adziwa mawa.

Kenako anatseka makina n'kunditsogolera kwa Hidaya. Tinamupeza atagona pamkeka m'nyumba, kamwana kake kakang'ono kakumupitikitsira ntchentche. Apongozi ake anali pabwalo akusankha mpunga, maso ali pa ine. "Alendowa ndi ochokera kuti?" A Salma osaphethira n'komwe: "Kasitomala wanga, wabwera kudzaona sitayilo ya bulauzi ya Hidaya." Analowa, n'kutsitsa katani.

Ine ndalankhula ndi Hidaya kawiri konse osaphula kanthu. A Salma sanachedwe. Anatuma mwana kukatenga phala lotsala m'mawa, anakhala pansi n'kumuutsa, mutu wake n'kuutsamiritsa pachifuwa pawo. "Mwana iwe, miyala ndinakuveka ndine, ndipo Allah andikhululukire. Piritsi lachitatu lija lachoka, atsala ako enieni. Imwa. Ukasanza usanzire pa ine." Hidaya anandiyang'ana. Ndinatambasula dzanja: awiri okha. Anawawerenga ndi chala ngati angaswane m'manjamo. Anati Bismillah, m'dzina la Mulungu, n'kumeza.

Pobwerera ndinkaimba pakabaza. Wakabaza anafunsa ngati ndapata mwamuna.

Lachisanu, 13 Sepitembala

A Binali aimba foni akuchokera kumzikiti. Sanasanze! Wamwanso m'mawa, wadya phala, wapempha nthochi.

Ndavina ndekha m'chipinda cha mankhwala. Amene anandiona pazenera azikanena.

Lolemba, 16 Sepitembala

Sikelo yasamuka. A Samueli anayamba ndi zoti m'chipinda mulibe malo, mzere uzichedwa, zinthu zimayenera kudzera pamsonkhano. Ndinangowafunsa ngati akufuna kuti ndikabwezenso mlamu kwa mwiniwake. Anandithandiza okha kusuntha kabati.

Taiika pakona kuseri kwa chitseko. A Salma atumiza katani ya maluwa ofiira, yopinda bwino m'mphepete, ndipo a Lenard akhoma misomali okha. Kenako anati ayesere kunong'ona. Ndinakwera pasikelo, iwo anawerama n'kunong'ona ndi mtima wawo wonse. Mlonda kugeti anamva. Tagwirizana kuti amayi ndiziwayeza ndine, iwo aziitana mayina ndi kuyeza abambo, nambala aziloza ndi chala.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

A Salma asunga mawu awo. Anafika ngati namkungwi, amayi ali pambuyo pawo mndandanda, ena odwala athu a chifuwa, ena a matenda ena. Aliyense akamalowa kuseri kwa katani iwo amamugwiragwira m'chiuno ngati wapolisi wa pamsewu. "Uyu alibe kanthu, muyezeni."

Ambiri mlamu sanawasunthe pa mlingo wawo, mwayi. Koma awiri ndawapeza. Mmodzi ngati Hidaya, atatu m'malo mwa awiri, ndipo wakhala akumwa modumphitsa masiku osatiuza chifukwa cha nseru. Winayo anandidabwitsa: mayi wooneka bwinobwino wa makilo 52, yemwe timamupatsa anayi m'malo mwa atatu. Ndinafunsa kuti nanga inu mumabisa chiyani? Akuti kale anali 70, gombe lonse linkamutcha Bwana Mkubwa, ndiye fifite-thuu angaimve bwanji pagulu? Manyazi alibe sikelo.

Lero aliyense ndamuuza nambala yake pang'onopang'ono, n'kumuonetsa pamene yagwera, ndi chifukwa chake mapiritsi ake ali mwakuti. Mzere unachedwadi, a Samueli ananena zoona. Koma palibe amene anadandaula, kupatula a pabenchi amene anazolowera zaulere. Ndinamva wina akuti, "Kodi lero wailesi yathu yatha mabatire?" A Lenard anayankha poyambitsa nyimbo ya kutsuka m'manja, khonde lonse linalandira. Mayi wa sikisite-thuu uja anatuluka kuseri kwa katani atakwinya nkhope, ati nanga nthungululu zake zili kuti. Ndamuuza kuti nambala ndi yake, akafuna akailengeze yekha kumsika.

Hidaya: 34 yeniyeni. Awiri. Wayenda yekha kuchokera panjinga mpaka pabenchi.

Ndatopa ngati ndalima, koma mtima uli mbee.

Lachiwiri, 1 Okutobala

34.5. Theka la kilo basi. Ndinayembekezera zambiri, ndipo nkhope yanga inandiulula. Hidaya ndi amene anandilimbitsa mtima, taonani zinthu: "A Nesi, thekalo ndi langatu, si lobwereka."

Kunyumba zinthu sizili bwino kwenikweni. Popanda mlamu ndi zitenje zija apongozi aona okha mmene mpongozi wawo wathera, ndipo nkhani ya mkazi wachiwiri yayambadi. Akuti pali mtsikana wina ku Khombedza. Ndinafunsa kuti a Binali akuti chiyani. Akuti sayankha, amangobwera m'mawa kuchokera kunyanja n'kumuikira mcheni wonenepa pambali, wosagulitsa, n'kukhala pomwepo mpaka audye wonse. Bambo wosalankhula uja. Ndamulembera chiponde cha kuchipatala, ndamuuzanso za mazira ndi nsinjiro m'phala.

Ana onse atatu tawayeza, alibe chifuwa. Wamng'onoyo tamuyambitsa mankhwala oteteza, nayenso potengera makilo ake. Hidaya anafunsa yekha kuti, "Ameneyu ali mangati, ndipo amwa angati?" Ndinamva kukoma.

Lachinayi, 10 Okutobala

Kutentha! Mpaka sopo akusungunuka pawindo.

Kwabwera amayi awiri achilendo ochokera kugombe, akhala akutsokomola miyezi osabwera. Akuti amva kuti kuchipatala kuno "masiku ano sakuwa". Mmodzi tamupeza nacho. Makilo 41, atatu. A Lenard atamva mawu a amayiwo anapita kuseri kwa nyumba, pobwera maso ali ofiira, ati ndi fumbi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

36! Masaya ayamba kubwerera. Wadandaula kuti njala ikumuvuta, akudya ngati msodzi. Dandaulo lokoma chonchi sindinalimvepo.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Makhololo a Hidaya abwera oyera, tizilombo sitikuonekanso. 37. Tamusinthira ku mankhwala a gawo lachiwiri, awiribe. Ndamuchenjeza kuti asayese wachira, ulendo ukadalipo mpaka chaka chamawa, ndipo akasiya ndidzamutsatira ndi a Salma. Anati bola apolisi.

Za ku Khombedza zija zazima zokha. Akuti apongozi anamupeza Hidaya akusinja mwamphamvu, anaima n'kumuyang'ana, kenako anangoti mtondowo ndi wobwereka, asauswe.

Ndinaona a Samueli akufotokozera anzawo a chipatala china pafoni za "njira yathu yatsopano yoyezera amayi". Yathu! Ndangoseka. Aitenge, bola akakhome katani.

Lachiwiri, 26 Novembala

Hidaya sanaoneke m'mawa. Mabenchi anatha, a Lenard anaitana dzina lake katatu, zii. Foni ya a Binali yosapezeka. Ndawaona ambiri otere: akangomva bwino, basi, sitiwaonanso mpaka atabwera pa machira. Ndinali nditayamba kale kufunsa wakabaza, mkwiyo ndi mantha zili pamodzi, kumwamba nako mitambo itayamba kuda.

Ndiye ndikuona munthu akulowa pageti chothamanga, beseni lili pamutu. Sindinamuzindikire mpaka atalitula pakhonde. Thukuta thupi lonse, mamba a nsomba mpaka m'zigongono.

"Mwachedwa bwanji? Mukudziwa mmene mwandivutitsira?"

"Pepani a Nesi, maboti anachedwa kutuluka, ndiye ndimati ndigule kaye ndiyanike. Tandiyezani msanga, usipa wanga uli pathandala ndipo mvula iyo ikubwera."

Akundifulumizitsa. Ine! Mayi amene ndinamutsitsa panjinga ngati mtolo wa udzu. Ukali wonse unathera pomwepo.

Kuseri kwa katani anavula mkanjo yekha, anapukusa diresi kuti ndione kuti mulibe kanthu, n'kukwera. 38.6. Ndinamutsitsa, n'kumukwezanso, chizolowezi. 38.6.

"Mwawoloka," ndinamuuza. "Kuyambira lero ndi atatu."

Kumwetulira kunathawa. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. "Atatu aja?"

"Omwe aja ayi. Aja munkamwera miyala. Piritsi lachitatu ili mwaligwirira ntchito nokha, ndi mcheni, ndi chiponde. Thupi lakula, awiri sakukwaniranso, tizilombo tingapezerepo mpata."

Anali asanamwe a lero. Ndinamuikira atatu m'dzanja ndi kapu ya madzi. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kunja kunagunda bingu. Bismillah. Limodzi, lachiwiri. Lachitatu analitembenuza ndi chala, analiponya m'kamwa, anamwera madzi onse n'kupukuta pakamwa ndi mpango. Anaima kaye ngati akumvetsera m'mimba mwake. Kenako anamanga mankhwala a mwezi pa nsonga ya chitenje, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"A Nesi, nanga lachinayi limayambira pa makilo angati?"

"Fifite-faifi."

Anadziyang'ana mikono, uku ndi uku, n'kusenza beseni lake.

"Mundisungire. Ndikulibwerera."